Kusamala ndi kukonza njinga yamoto yakale pakhomo kuno ku Chigwa cha Shire

Njinga zamoto zakale zoyenda m'tchire zikadalipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Zina zinali za alangizi a zaulimi, zina za azaumoyo, zina za mabungwe omwe adazigulitsa ntchito zawo zitatha: Yamaha DT125, AG100 ndi AG200, Honda XL125, Suzuki TF125. Palinso abale ake omwe adapangidwira mpikisano wokwera miyala ndi zitunda pang'onopang'ono, phazi osaponda pansi, monga Yamaha TY175 ndi Honda TL125 za m'zaka za m'ma 1970. Zambiri mwa izi kapangidwe kake n'kamodzi: silinda imodzi yozizira ndi mphepo, kabureta imodzi (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), mawaya ochepa. Munthu angathe kuzisamala yekha pamthunzi pakhomo pake.

Zomwe zimazipha kuno ndi zitatu: fumbi, kutentha ndi madzi. Ndimamva chisoni ndikaona injini yabwinobwino itaphwasulidwa yonse pa mkeka, pomwe vuto linali kajeti, kabawuti kokhala ndi kabowo kodutsa petulo mu kabureta, kotsekeka ndi litsiro. Choncho tsatani ndondomeko iyi momwe ilili, kuyambira kunja kulowa mkati, ndipo musafulumire kutsegula injini.

Dziwani njinga yanu, konzani malo

Choyamba dziwani ngati injini yanu ndi ya 2-stroke kapena 4-stroke. DT125, AG100, TF125 ndi TY175 ndi za 2-stroke: zimawotcha oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo ndipo zimatulutsa kautsi kobiriwira. AG200, XL125 ndi TL125 ndi za 4-stroke: oyilo amakhala m'munsi mwa injini ndipo sayenera kupsa.

Ntchito yambani m'mawa kusanatenthe, injini itazizira. Yalani chiguduli kapena pepala la pulasitiki pansi, chifukwa kabawuti kakagwera mumchenga wa kuno sikapezekanso. Mufunika masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, sipanala ya pulagi, pulaya, masikuludiraiva awiri, beseni, nsanza zoyera, palafini, girizi ndi pampu ya njinga yakapalasa. Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni, kuti pobwezera musadalire mutu wokha. Mbaula, nyali ya palafini ndi fodya zikhale kutali ndi pomwe pali petulo, ana nawonso asayandikire beseni.

Kenako tsukani njinga. Tsekani kukamwa kwa ekizozi ndi pulasitiki, ndipo musathire madzi ozizira pa injini yotentha. Samalani kwambiri zipsepse zachitsulo zozungulira silinda. Ndizo zimaziziritsa injini, ndipo dothi la makande la ku Ngabu likauma pakati pake mphepo siidutsanso. Likokoteni ndi kamtengo mpaka chitsulo chioneke. Mu Okutobala ndi Novembala, pomwe kumatentha kupitirira madigiri 40, injini yomatidwa ndi matope imakutha msanga, makamaka mukamayenda pang'onopang'ono mumchenga pa giya yoyamba.

Fyuluta ya mpweya

Ngati mungakwanitse ntchito imodzi yokha pa zonse zomwe ndalemba pano, ikhale iyi. Fumbi lomwe ladutsa fyuluta limakasakanikirana ndi oyilo mu silinda, n'kumapala chitsulo ngati mchenga wotsukira mapoto. Maringi, mphete zozungulira pisitoni, amatha, mphamvu imachepa, kenako njinga imayamba kuvuta kulira m'mawa.

Tsegulani bokosi la fyuluta, lomwe limakhala pansi pa mpando kapena kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali. Tulutsani siponji mosamala kuti fumbi lisagwere kunjira yopita ku kabureta, ndipo njirayo itsekeni ndi nsanza yoyera. Viikani siponji mu palafini n'kuifinya m'dzanja kangapo. Musaipotokole monga mumachitira ndi chovala, imang'ambika. Itsukeninso ndi madzi a sopo, muitsukuluze, muiyanike pamthunzi mpaka iume gwa. Ikauma idontheretseni oyilo woyera wa injini, muifinyefinye kuti oyilo afike paliponse, kenako mufinye wotsalayo. Ikhale yonyowa koma yosadontha. Siponji youma siigwira fumbi, oyiloyo ndiye amaligwira.

Pakani girizi pang'ono m'mphepete momwe siponji imakhudzana ndi bokosi, chotsani nsanza ija, bwezerani. Kenako pindani ndi chala mphira wolumikiza bokosi ndi kabureta, muone ngati wang'aluka. Dzuwa la kuno limaumitsa mphira, ndipo kamng'alu kamodzi n'kokwanira kulowetsa fumbi ngakhale fyuluta ili yoyera.

Siponji ikayamba kunyenyeka mukaigwira, yatha, gulani ina. Musaike siponji ya matiresi, chifukwa mabowo ake sadapangidwire ntchito iyi ndipo petulo amaiwononga. Fyuluta yapepala siichapidwa ndipo siipakidwa oyilo: imagogodedwa pang'ono, ikada kwambiri imasinthidwa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ngati mumayenda misewu yafumbi ya ku East Bank kapena ya ku Chapananga, yang'anani fyuluta sabata iliyonse.

Petulo, thanki ndi kabureta

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo wina mwa ethanol ameneyu amapangidwa konkuno ku Chikwawa, ku fakitale ya PressCane, kuchokera ku zotsalira za nzimbe pophika shuga. Njinga imayenda naye bwino, koma ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikaima miyezi thanki ili theka, pansi pa thanki pamasonkhana madzi, dzimbiri n'kuyamba. Mapaipi akale a mphira nawonso amauma kapena kufewa. Petulo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu muthireni kaye m'botolo loonekera mkati, adikhe mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi paokha, mzere wake umaoneka. Pothira mu thanki sefani ndi kansalu koyera.

Tsekani kampopi ka petulo, chotsani paipi yopita ku kabureta, lozetsani m'botolo n'kutsegula. Petulo azituluka mosadukiza. Akamadontha, kasefa ka mkati mwa kampopi katsekeka: khuthulani thanki, masulani kampopi, tsukani. Thanki ya dzimbiri ichotseni pa njinga, muikemo manati odzaza dzanja ndi palafini, muikhutchumule kwa nthawi, mukhuthule, mubwereze mpaka palafini azituluka woyera. Werengani manatiwo polowetsa ndi potulutsa. Kenako ikani kafyuluta ka pulasitiki pa paipi, pakati pa thanki ndi kabureta. N'kotsika mtengo ndipo kamakupulumutsani ku ntchito yotsatirayi.

Zizindikiro za kabureta yakuda ndi izi. Njinga imalira ndi choko chokha, mukachibweza imazima: jeti yaing'ono yatsekeka. Imalira bwino ili chiimire koma imatsamwa mukaipatsa moto wonse: jeti yaikulu, kapena petulo sakufika wokwanira. Petulo akutayika pa kapaipi ka pansi: kasingano ka fuloti (choyandama chomwe chimatseka petulo akadzaza m'kambale ka kabureta) sikakutseka.

Masulani chivundikiro cha pamwamba pa kabureta, musolole silaidi, chitsulo chomwe chimakwera mukapatsa moto, pamodzi ndi singano yake, muikulunge m'nsanza ili chilendewere ku kebulo. Masulani zomangira za mbali zonse ziwiri, mutulutse kabureta. Itembenuzeni, mumasule timabawuti ta kambale ka pansi. Timabawuti timeneti n'tofewa: sankhani sikuludiraiva yokwana bwino, kanikizani mwamphamvu musanapotoze, apo ayi mutu umafufutika. M'kambalemo mudzapeza zomwe zakhala zikukuvutitsani, kaya ndi matope ofiira, timadontho ta madzi kapena zobiriwira zomata.

Kankhani kachitsulo kogwira fuloti, muchotse fuloti ndi kasingano kake. Gwedezani fuloti pafupi ndi khutu, mukamva petulo mkati ndiye kuti yaboola. Yang'anani nsonga ya kasingano: ngati yadyeka mozungulira, kasintheni. Masulani majeti onse awiri. Yaikulu ili pakati, yaing'ono ili m'kabowo pambali pake. Iviikeni mu petulo woyera, muipope ndi pampu, kenako muiyang'anitse kudzuwa. Bowo lizioneka lozungulira bwino. Likakana kutseguka, gwiritsani ntchito kaulusi kamodzi ka waya wa kopa wa m'nthambo yamagetsi. Singano yosokera ayi. Majeti ndi amkuwa, singano imakulitsa bowo, ndipo njinga idzamwa petulo mpaka kalekale.

Pambali pa kabureta pali kabawuti ka mpweya. Musanakachotse, kalowetseni pang'onopang'ono mpaka kafike, mukuwerenga kuti kazungulira kangati, mulembe. Musakamange mwamphamvu, nsonga yake imaphwanyika. Pobwezera mukabweze chimodzimodzi. Ngati wina adakasokoneza kale, yambirani pa kuzungulira kamodzi ndi theka kuchokera pomwe kafika, kenako muwongole injini itatentha. Popani timabowo tonse ta kabureta, mubwezere zonse. Silaidi ili ndi mpata m'mbali womwe umalowa pa kachitsulo ka mkati, musaikakamize. Musanalize injini, potozani chogwirira cha moto n'kuchisiya: muzimva silaidi ikugwa kuti kha! Ikapanda kugwa, musalize.

Chizindikiro chimodzi musachinyalanyaze pa 2-stroke. Injini ikamapitiriza kulira mokweza mutabweza kale moto, ikuyamwa mpweya pena pake: pa mphira wa pakati pa kabureta ndi injini, pa gasiketi, kapena pa masilu (timphira totseka) a kirankishafuti, chitsulo chomwe pisitoni imazungulitsa. Mpweya wochuluka umatenthetsa pisitoni mpaka kuboola kapena kugwira. Njinga yotere isayende ulendo wautali isanakonzedwe.

Pulagi ndi moto

Pukutani mozungulira pulagi musanaimasule, kuti mchenga usagwere mu silinda. Nsonga yake imakuuzani za mkati. Yofiirira ndi youma: zonse zili bwino. Yakuda bii ndi mwaye: petulo wachuluka, mwina fyuluta yatsekeka kapena choko sichikubwerera. Yakuda ndi yonyowa oyilo: oyilo wachuluka kapena maringi atha. Yoyera mbee: injini ikutentha mopyola, bwererani ku kabureta ndi mphira uja.

Mpata wa pansonga ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.8 mm. Poyesa moto, lowetsani pulagi mu kapu yake, muikhudzitse ku chitsulo cha injini mutagwira pa mphira, mukike muli pamthunzi. Moto wabwino ndi wobiriwira ndipo umamveka kuthetheka. Ukakhala wofiira ndi wofooka, yesani pulagi ina, kenako kapu, kenako dulani kachidutswa kakang'ono kunsonga ya waya wa koilo n'kulowetsanso kapu. Njinga zakale kwambiri zili ndi mapointi, tizitsulo tomwe timatseguka ndi kutseka popanga moto wa pulagi; pa 2-stroke amakhala kuseri kwa fulaiwilo, chitsulo cholemera chozungulira cha m'mbali mwa injini: apukuteni ndi kapepala kolimba koyera, ndipo mpata wake ukatseguka kwambiri ukhale 0.3 mpaka 0.4 mm.

Gulani pulagi ya nambala yomwe njinga idabwera nayo. Pa mapulagi a NGK, nambala yotsika ndi pulagi yotentha: B7ES imatentha kuposa B8ES. Ena amaika yotentha pofuna kuti isamade msanga, koma ndi kutentha kwa kuno kumeneko n'kuika pisitoni pachiswe. Pobwezera yambani ndi zala mpaka ifike, sipanala ibwere pomaliza. Mutu wa silinda ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka.

Oyilo

Pa Yamaha za 2-stroke pali kathanki ka oyilo wa 2T ndi pampu yotchedwa Autolube. Kathankiko kasaume. Kakauma, mpweya umalowa m'paipi, ndipo kungothiramo oyilo sikukwanira: masulani kabawuti kotulutsira mpweya pa pampu mpaka oyilo azituluka wopanda thovu, ndipo mu thanki yoyamba ya petulo musakanizemo oyilo pang'ono. Onaninso kebulo ya pampu, chifukwa ikaduka injini imayendabe, koma ndi oyilo wochepa.

Njinga zambiri zakale adazichotsa pampu, eni ake amasakaniza okha. Ngati ndi choncho, musamayeze ndi maso. Thirani 25 ml ya oyilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo, kapena 125 ml pa malita 5. Yezani ndi sirinji, musakanize m'chigubu, mukhutchumule, kenako muthire mu thanki. Oyilo wa injini ya galimoto asalowe mu petulo: amasiya mwaye womwe umamata maringi ndi kutseka ekizozi. Ndipo potsika phiri lochokera ku Blantyre kubwera ku Thabwa, kumbukirani kuti njinga yosakaniza pamanja imalandira oyilo kudzera mu petulo. Mukatsika mtunda wonsewo pa giya moto uli chitsekere, injini imazungulira mothamanga ili ndi oyilo wochepa. Muzigwira kilatchi n'kuipatsako moto pang'ono nthawi ndi nthawi.

Oyilo wa mu giyabokosi ya 2-stroke ndi wapayekha. Mukhuthuleni injini ili yofunda, ndipo kuchuluka kwake kumakhala kolembedwa pa chitsulo pafupi ndi pothirira. Pa 4-stroke yang'anani oyilo m'mawa uliwonse njinga itaima chilili, ndipo ndi fumbi ndi kutentha kwa kuno ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 1,000 aliwonse. Honda XL125 ili ndi kasefa kawaya kuseri kwa chotsekera chachikulu chokhuthulira oyilo, katsukeni nthawi iliyonse. Sankhani oyilo wolembedwa JASO MA, chifukwa kilatchi imasambira mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaiterereketsa.

2-stroke ikafooka koma pulagi, fyuluta ndi kabureta zili bwino, solorani kapaipi ka kumapeto kwa ekizozi, mukapale mwaye.

Tcheni, mawilo ndi mabuleki

Tsukani tcheni ndi palafini ndi mswachi wakale, chiume, mudontheze oyilo wa giya mkati mwake, mupukute wotsala. Girizi wambiri amangoitana mchenga. Pakatikati tcheni chizisewera masentimita 3 mpaka 4, ndipo mutakhala pa mpando chikhalebe ndi kampata. Chomangika kwambiri chimadya mabelingi a giyabokosi. Kokani mbali zonse ziwiri mofanana kuti wilo lisapendame. Kachitsulo kotsekera joini kayang'anitse mbali yake yotseka komwe tcheni chikulowera. Mano a sipoketi akasongoka n'kupindika, sinthani tcheni ndi masipoketi onse awiri nthawi imodzi.

Kwezani njinga pa chitsa. Gogodani masipoko ndi sipanala, yomwe ikulira mogonthoka ndi yomasuka, imangeni pang'ono. Gwedezani wilo cham'mbali: likamagwedera, mabelingi atha. Tsegulani mabuleki, mupukute fumbi ndi nsanza yonyowa. Musaliuzire ndi pakamwa, mashuzi akale ena anali ndi asbestos. Palani mashuzi ndi sandipepala kuti kunyezimira kuchoke, mupake kagirizi kochepa kwambiri pa kachitsulo kowatambasula. Pomata chubu, yendetsani nsanza mkati mwa tayala musanabwezere, chifukwa munga womwe udaboola nthawi zambiri umakhala ukadali momwemo.

Njinga ikamira m'madzi

Tonse tikukumbuka madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Njinga zambiri zimamirira m'nyumba momwe, zina pamadooko a mitsinje monga Mwanza ndi Thangadzi. Mtsinje ukasefukira musawoloke, dikirani. Koma ngati njinga yamira kale, zomwe muchite tsiku lomwelo ndizo zimaipulumutsa.

Musakike. Madzi sapanikizika, ndipo mukakika ali mu silinda mumapinda konirodi, mkono uja wogwira pisitoni. Zimitsani switchi, tsekani petulo, chotsani mpando, thanki, pulagi ndi fyuluta. Khuthulani bokosi la fyuluta ndi kambale ka kabureta. Imikani njinga pa wilo lakumbuyo kuti madzi a mu ekizozi atuluke, kapena masulani ekizoziyo.

Pa 2-stroke madzi amatsikira pansi pa pisitoni, pomwe pali kirankishafuti, ndipo kukika kokha sikuwatulutsa. Itanani mnzanu, mutembenuze njinga chagada, mawilo m'mwamba. Ikani giya, muzungulize wilo lakumbuyo ndi manja. Madzi azilavuka pa bowo la pulagi, pitirizani mpaka asiye. Ibwezeni, thirani supuni ya oyilo wa 2T pa bowo la pulagi ndi ina kunjira ya kabureta, mukike kambirimbiri pulagi musanaike. Khuthulani oyilo wa giyabokosi, muthire watsopano. Kathanki ka 2T nakonso kakhuthuleni, chifukwa madzi amakhala pansi pomwe pampu imayamwira.

Pa 4-stroke khuthulani oyilo kaye, muthire watsopano, kenako mukike pulagi ili kunja mpaka madzi asiye kutuluka. Ikalira mphindi zochepa, onani oyilo. Akakhala woyera mbuu, madzi akadalimo: khuthulaninso, mubwereze mpaka atuluke wooneka bwino. Pa ntchitoyi oyilo wotsika mtengo ndi wokwanira, wabwino mudzathire pomaliza.

Pa mitundu yonse iwiri, tsegulani chivundikiro cha fulaiwilo, mukhuthule madzi, musiye padzuwa kuti makoilo aume. Tsukani kabureta monga tafotokozera, sefani petulo kapena mumusinthe, ikani fyuluta youma yopaka oyilo ndi pulagi youma. Ikalira isiyeni itenthe bwino, kenako muyende nayo pang'onopang'ono kwa theka la ola kuti chinyezi chotsala chiume. Cholinga n'chakuti ilire tsiku lomwelo, chifukwa mabelingi a mkati akagona ndi madzi masiku angapo amachita dzimbiri. Ngati njinga yakhala m'matope sabata yathunthu, kapena madzi otuluka ali ndi mchenga, musailize n'komwe, injini iyenera kutsegulidwa ndi kutsukidwa. Mabuleki atseguleni mawa lake, ndipo pakatha sabata gwedezaninso mawilo, poti mabelingi omwe adamwa madzi amayamba kulira mochedwa.

Zopita nazo kwa makaniko

Kusintha masilu ndi mabelingi a kirankishafuti, kuboola silinda kuti ilandire pisitoni yokulirapo, ndi kuchotsa fulaiwilo popanda chida chake chokokera, izi si za pakhomo. Fulaiwilo yomenyedwa ndi hamala imapinditsa kirankishafuti. Injini ikamagogoda pansi, kapena kiki ikamatsika mopepuka ngakhale ndi dzanja, pitani nayo kwa makaniko wodziwa njinga zamtunduwu, mumuuze zonse zomwe mwayesa kale.

Mukamapita ku Nchalo, ku Limbe kapena ku Blantyre kukagula zipangizo, nyamulani chakale chomwe mwachotsa, ndipo lembani nambala ya injini ndi ya felemu. DT125 yokha idasinthidwa kangapo m'zaka zake, ndipo gasiketi ya chaka china siikwana pa inzake. Pa pisitoni yakale pukutani pamwamba muwerenge: pakalembedwa 0.25 kapena 0.50, silinda idabooledwa kale, ndipo maringi a saizi yoyamba sadzagwira.